Mpanda wa matabwa pa nsanamira zachitsulo: tchubu, paipi kapena angle iron?

Mvula yamkuntho ya mu Disembala inagwetsa mpanda wa amalume anga ku Mufakose, mu Harare. Anandiimbira foni kusanache kwenikweni, amvekere, "Mphwanga, tabwera udzaone, nkhuku za aneba zandithera repu." Nditafika ndinapeza mbali yonse ya kum'mawa, mamita 12, ili gone pamwamba pa mabedi a ndiwo. Matabwa anali bwinobwino, ngakhale limodzi losweka panalibe. Koma mwa nsanamira zisanu ndi imodzi za bulugamu, zisanu zinathyoka, ndipo zonse zinathyokera malo amodzi, pomwe mtengo umakumana ndi dothi. Nditaponda chitsa chimodzi chinangofumbutuka ngati chigumu chogonetsa, mkati muli dothi lokhalokha la chiswe.

Amalume anafuna kuti tikagule bulugamu wina tibwezeretse. Ine ndinati ayi, matabwawa tiwasunge koma tiwapachike pa chitsulo. Tinakangana mpaka tiyi kuzizira, ndipo zomwe ndinawauza tsiku limenelo ndi zomwe ndalemba pano, poti ambiri a ife kuno ku Harare tili ndi mipanda yotereyi, kaya pakhomo pathu ku Highfield, Dzivarasekwa ndi Epworth, kaya kumayadi komwe timagwira ntchito.

Choyamba n'chakuti nsanamira simafera pamwamba, simaferanso pansi penipeni pa dzenje. Imafera pakhosi, masentimita ochepa pamwamba ndi pansi pa nthaka, chifukwa m'pamene chinyezi ndi mpweya zimakumana. Mtengo umawolera pamenepo, chiswe chimalowera pamenepo, ndipo chitsulo nachonso dzimbiri limachidyera pomwepo. Mphepo ikamakankha mpanda, mphamvu yonse imakathera pakhosi pomwepo. Choncho amene akuganiza kuti akagula chitsulo ndiye kuti wathana nazo, adikire kaye. Chitsulo chopyapyala chozikidwa mwachisawawa chikhoza kufa msanga kuposa bulugamu wothiridwa bwino mankhwala.

Za mphepozi tiwerengere limodzi, chifukwa anthu amaidelera. Mpanda wotalika mamita 1.8, nsanamira zitatalikirana mamita 2.4, matabwa ake ogundana opanda mpata, chigawo chilichonse ndi chinsalu cha masikweya mita 4.3. Mphepo yothamanga makilomita 90 pa ola, monga imachitira kutsogolo kwa mvula ya mabingu, imakankha chigawo chimenecho ndi mphamvu yoposa makilogalamu 160. Ndiye kuti matumba atatu a simenti ndi kuposerapo, akukankha cham'mbali nsanamira imodzi. Waya wa mpanda wa nkhuku mphepo imangodutsa, koma matabwa amaikola yonse. N'chifukwa chake tizitsulo timene alimi amakhomera waya waminga kumafamu sitingathandize pano, ngakhale ndi totchipa.

Tchubu cha makona anayi

Ichi ndiye ndimachikonda, ndipo sindibisa. Mbali zake n'zosalala, thabwa limakhala bwinobwino osagwedera, kuboola sikuvuta, ndipo wowotcherera aliyense amachidziwa. Chimagulitsidwa m'mautali a mamita 6 kwa ogulitsa zitsulo a ku Workington, Southerton, Graniteside ndi Msasa, komanso ku Siyaso ku Mbare mukhoza kupeza chatsopano ndi chogwiritsidwapo kale ntchito.

Nkhani yagona pa kukula ndi kukhuthala. Tchubu chimene ambiri amathamangira ndi cha mamilimita 50 mbali zonse. Chikakhala chokhuthala mamilimita 2, mphepo imene tawerengera ija imachifikitsa pamapeto penipeni pa mphamvu zake. Chikakhala cha 1.6, chimapindika. Cha mamilimita 76, chokhuthala 2 yemweyo, chimapirira kuposa kawiri poyerekeza ndi cha 50, pomwe kulemera kwake kwangowonjezeka ndi theka. Apa m'pamene ndalama imagula mphamvu zambiri. Ine pamakona, pageti ndi pampanda uliwonse wa matabwa ogundana ndimaika 76. Cha 50 ndimachilola pakati pokha, ndipo pokhapokha matabwa ali ndi mipata yodutsa mphepo, kapena mpanda sukupitirira mita imodzi ndi theka, kapena nsanamira zayandikana mamita awiri.

Kukhuthalako musakhulupirire pakamwa. Wogulitsa wina, amene sindimutchula, anandipatsapo tchubu akulumbira kuti ndi 2, chopakidwa kale penti yofiira kuti m'mphepete musaoneke bwino. Wowotcherera atangoyatsa ndodo, chitsulo chinabooka ngati pepala. Chiyambire pamenepo ndimayenda ndi sikelo yakoloweka ija amayezera chimanga. Utali wa mamita 6 wa tchubu cha 50 chokhuthala 2 umalemera pafupifupi makilogalamu 18. Ukalemera 14 kapena 15, ndi 1.6 ameneyo, ngakhale wogulitsa atchule agogo ake. Wa 76 umafika cha m'ma 27 kapena 28.

Vuto la tchubu ndi mimba yake. Mukasiya pamwamba potseguka, mvula ya kuno, yomwe imaposa mamilimita 800 pachaka ndipo pafupifupi yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Malichi, imadzaza mkatimo ngati botolo. Kunja mwapenta mokongola, mkati dzimbiri likudya mwakachetechete, ndipo tsiku lina mudzangoona chala chikulowa pakhosi paja. Tsekani pamwamba ndi kachitsulo kowotcherera kapena kachivindikiro kapulasitiki. Pansi musiye potseguka, tchubu chikhale pa miyala ya kwale yokwana dzanja limodzi musanathire konkire, kuti madzi olowa apeze potulukira.

Pali kamasamu kena kopulumutsa ndalama. Mpanda wa mamita 1.8 umafuna nsanamira ya 2.4, chifukwa masentimita 60 amalowa pansi. Utali umodzi wa mamita 6 umatulutsa nsanamira ziwiri n'kutsala chidutswa cha 1.2. Zidutswa ziwiri zotere mukazilumikiza, mutalowetsa kachitsulo mkati mwa mfundoyo musanawotcherere, mwapeza nsanamira yachisanu pa mautali awiri. Mfundo imakhala masentimita 60 pamwamba pa nthaka, pomwe mphamvu yopinda siifika ngakhale theka la ya pakhosi. Yolumikizayo muike pakati pa mzere, osati pageti.

Paipi yozungulira

Paipi ili ndi mwayi umodzi waukulu. Yambiri imabwera itakutidwa kale ndi zinki, ija timati galvanised, ndipo yoviikidwa mu zinki wosungunuka imakutidwa kunja ndi mkati momwe. Ndiye kuti nkhawa ya mimba ija yachepa. Mapaipi akale a madzi ndi otsala pa mijigo amakhalanso okhuthala kuposa matchubu ambiri a masiku ano. Mukapeza paipi yotere ya mamilimita 60 kapena 76 pamtengo wabwino, ndipo mwini wake akudziwika, tengani. Mawu akuti mwini wake akudziwikawo ndanena dala. Zitsulo zina zotchipa kwambiri zimakhala zozulidwa usiku pamisewu ndi m'mayadi a anthu, ndipo apolisi akabwera safunsa kuti munagula zingati.

Pamphamvu, paipi ya 76 yokhuthala 2 imaposa tchubu cha 50, koma siifika pa tchubu cha 76. Chovuta chake ndi kumangirira. Thabwa losalala pa chitsulo chozungulira limangokhudza kamzere kamodzi, ndipo kuboola paipi mowongoka ndi dirilo ya pamanja kumafuna kuleza mtima, nsonga imaterereka. Njira ndi ziwiri: mabawuti opindika ngati chilembo U amene amakumbatira paipi, kapena timakutu tachitsulo towotcherera. Mabawuti a U ndi abwino chifukwa simuwononga zinki, ndipo mukhoza kukweza kapena kutsitsa mtanda, mtengo wopingasa uja mumakhomerapo matabwa, mpaka mzere uwongoke. Koma amadula, ndipo nsanamira iliyonse imafuna awiri kapena atatu, mwinanso kuwirikiza pamene mitanda ikukumana.

Kuwotcherera paipi ya zinki kuli ndi mavuto awiri. Moto umapsereza zinki pamalopo, ndiye pamafunika kupakapo penti ya zinki tsiku lomwelo. Chachiwiri ndi utsi wake woyera, umene umadwalitsa: munthu amamva kuzizidwa, mutu ndi kuphwanya thupi usiku wake ngati malungo. Anyamata amati akamwa mkaka zimatha. Mkaka suteteza chilichonse. Pala zinki ndi galaindala pamalo owotcherera, gwirira ntchito panja, mphepo izichotsa utsi kumaso kwako.

Angle iron

Apa m'pamene tinatsutsana kwambiri ndi amalume. Iwo ananyamula chidutswa cha angle iron, chitsulo chopindika ngati chilembo L, cha 50 chokhuthala mamilimita 5, n'kuchigogoda pansi, amvekere, "Ichi ndiye chitsulo, osati zitini zakozo." Kunena zoona m'manja chimamveka champhamvu, ndipo mita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 3.8, kuposa tchubu cha 50 chomwe chimalemera 3. Koma pakupinda chimapirira pafupifupi theka chabe la tchubu chimenecho, ndipo chimapotoka mosavuta chifukwa mbali imodzi n'chotseguka. Mukulipira chitsulo chambiri n'kupeza mphamvu zochepa. Imikani angle iron ya mamita 1.8, muigwire pamwamba n'kuigwedeza, mudzaona ikuvina.

Komabe ili ndi malo ake. Ilibe mimba yosunga madzi, mbali zonse mumaziona ndi kuzipenta, ndipo mamilimita 5 dzimbiri limatenga zaka zambiri kuti liwamalize. Pa mpanda waufupi wa dimba, wofika m'chiuno, ndi yabwino kwambiri. Ndi yabwinonso pa timakutu tomangirira mitanda ndi pa zochirikiza zapakona.

Koma ntchito imene angle iron imaposa zonse ndi yopulumutsa mpanda umene sunagwe. Ngati nsanamira zamitengo zawola pakhosi pokha koma kumtunda zili zolimba, simufunika kugwetsa chilichonse. Kumbani pambali pa nsanamira, zikani chidutswa cha mita imodzi kapena 1.2, theka pansi mu konkire theka pamwamba, ndipo mumange mtengowo ku chitsulo ndi mabawuti awiri odutsa. Kenaka dulani mtengo wowolawo masentimita asanu pamwamba pa nthaka kuti usakhudzenso dothi. Mtengo watsala ukulendewera pa chitsulo, chiswe chasowa njira yobisika. Kwa amene mukusamala yadi ya abwana ndipo akuti ndalama ya mpanda watsopano palibe, njira ndi imeneyi, ndipo mukhoza kuchita nsanamira ziwiri mwezi uno, ziwiri mwezi wamawa. Zidutswa za tchubu za 1.2 zija zimagwiranso ntchito yomweyi.

Nanga bulugamu ndi durawall?

Bulugamu sindikumunyoza. Mtengo wothiridwa mankhwala m'thanki ya mphamvu, kaya wakuda wa creosote kaya wobiriwira wa CCA, umakhala zaka zambiri m'nthaka, ndipo pogula ndi wotchipa kuposa chitsulo. Wokwirira pansi uyenera kukhala wa mlingo wa H4. H3 ndi wa panja koma osakhudza dothi. Vuto ndi loti pamsika pali mitengo yambiri yongopakidwa oyilo wakuda wa galimoto kuti ioneke ngati yothiridwa. Ya amalume inali yotero. Mukadula wothiridwa bwino, mankhwala amaoneka atalowa mkati mozungulira ngati mphete yokhuthala. Wopakidwa, mkati mumakhala moyera kuyambira pakhungu. Kwa okhala m'mphepete mwa madambo, kumene udzu umapsa chaka chilichonse kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, palinso nkhani ya moto. Matabwa akapsa mumabwezeretsa, chitsulo chili chiimire. Bulugamu wa creosote akagwira moto mumayambira pa dzenje.

Durawall, mpanda wa mapanelo a konkire, ndiye mfumu ya mipanda mu Harare muno, ndipo amene ali ndi ndalama yake pamodzi, pa nyumba yakeyake, sindingamuletse. Koma imafuna ndalama yonse nthawi imodzi, imatseka mphepo pa kayadi kakang'ono m'nyengo yotentha ya Okutobala, ndipo pa dothi la makande mapanelo ake amasweka nthaka ikamafufuma ndi kunyala. Mpanda wa matabwa pa chitsulo mumamanga pang'onopang'ono: mwezi uno nsanamira, mwezi wamawa mitanda, matabwa akubwera monga thumba lalolera. Ngakhale zigwagwa za paini zochokera kumacheka a ku Manicaland zimakhala bwino poyambira, mudzasintha pambuyo pake chitsulo chili chomwecho.

Pokumana mtengo ndi chitsulo

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa ngakhale atagula chitsulo chabwino. Matabwa obiriwira a CCA ali ndi kopa mkati. Akanyowa, kopayo amafulumizitsa dzimbiri pa chitsulo chilichonse chosakutidwa chimene chawakhudza. Misomali wamba imadyeka mkati mwa thabwa, mutu uli bwinobwino, mpaka tsiku limene thabwa lidzangogwa lokha. Choncho mabawuti, mawashala ndi misomali zikhale za galvanised, ndipo pakati pa mtanda ndi nsanamira mupakepo phula kapena muikepo kachidutswa ka pulasitiki yakuda ija amayala pa maziko a nyumba.

Ndipatuke pang'ono. Zidutswa za matabwa obiriwirawa musasonkhere moto, ngakhale magetsi atazima tsiku lonse ndipo nkhuni zavuta. Muli arsenic, poizoni amene amatuluka mu utsi n'kutsalanso m'phulusa. Ndinapezapo azakhali ena akuwotchera chimanga pa zidutswa zotere, ana atazungulira. Phulusa lakenso musathire m'dimba.

Kamangidwe kali patatu. Kuboola tchubu n'kudutsitsa bawuti ya mamilimita 8 kapena 10 ndi kolimba, koma bowo lililonse ndi khomo la madzi, ndipo mukamanga kwambiri tchubu chopyapyala chimafinyika. Masikuluwu odziboolera okha, aja a denga, ndi achangu ndipo pa tchubu cha mamilimita 2 amagwira, koma mtanda wolemera ukamakoka chaka ndi chaka amayamba kugwedera. Ine ndimasankha timakutu ta angle iron towotcherera ku nsanamira, mtanda n'kukhala pamwamba pake ngati pa shelefu, bawuti n'kungougwira kuti usasunthe. Kulemera kumakhala pa chitsulo, osati pa bawuti, ndipo tchubu sichibooledwa. Timakututo muwotcheretse ku shedi ya wowotcherera nsanamira zisanazikidwe. Ndi mmene magetsi amazimira kunoku, kuitana munthu ndi makina ake kunyumba ndi kumulipira tsiku lathunthu akudikira kuti ZESA, kampani ya magetsi, iwayatse. Kungoti muyeze bwino, chifukwa timakutu tikawotchereredwa, kuya kwa dzenje lililonse kuyenera kutsata chingwe kuti mitanda idzakumane.

Mitanda ya paini ya mamilimita 38 kwa 114 kapena 50 kwa 76 imakwana pa mpata wa mamita 2.4. Pa mpanda wa 1.8 ikani itatu, iwiri yokha matabwa amapindika pakati dzuwa likawawomba. Matabwa asakhudze pansi, musiye mpata wa zala zitatu. Ndipo musaganize kuti chitsulo chathamangitsa chiswe. Chimamanga kanjira kake ka dothi pamwamba pa chitsulo mpaka chifike ku thabwa. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mukuchiona, ndipo mwana aliyense akhoza kukagumula ndi kamtengo.

Dzenje limatsata dothi

Dothi la Harare si limodzi. Kumpoto, cha ku Mount Pleasant ndi Borrowdale, kuli katondo wofiira amene amagwira nsanamira bwino; dzenje la masentimita 60 kuya ndi 30 m'lifupi limakwana. Kumwera ndi kum'mawa, monga Hatfield ndi Epworth, kuli mchenga wochokera ku miyala ya nsangalabwi, ndiye dzenje likule m'lifupi chifukwa mchenga ukanyowa umalekerera. Kumene nyumba zamangidwa m'madambo, pa makande akuda amene amang'ambika m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, kumbani mpaka masentimita 80 kapena 90, ndipo dzenje likhale lotambalala pansi kuposa pamwamba kuti dothi lisakankhire konkire m'mwamba. Zikatero nsanamira italikenso, masamu a 2.4 aja sagwiranso. Mukagunda thanthwe, monga zimachitikira ku Epworth, musalimbane nalo: wotchererani chitsulo chafulati kunsi kwa nsanamira n'kuchimanga ku mwala ndi mabawuti otukumuka.

Konkire ndi muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje, inayi ya kwale. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limakwana maenje atatu a muyeso woyamba uja. Musanazike, gawo lonse lolowa pansi ndi masentimita 20 a pamwamba pake lipakidwe red oxide, penti yofiira yoteteza dzimbiri, kenaka phula kawiri. Konkire ikwere pang'ono kuposa nthaka ndipo muisalaze motsetsereka ngati kachulu, madzi azithawa chitsulo. Ambiri amasiya konkire pansi n'kukwirira ndi dothi kuti kapinga amere mpaka pa nsanamira. Zimaoneka bwino, koma mwaika dothi lonyowa pakhosi penipeni paja. Ndimawotchereranso kachidutswa ka chitsulo chopingasa kunsi kwa nsanamira iliyonse, kuti isazungulire mu konkire komanso kuti wofuna kuizula usiku atuluke thukuta.

Mukathira konkire dikirani masiku atatu kapena anayi musanapachike mitanda, mukuthirira madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo geti lidikire sabata yathunthu. Musanakumbe n'komwe, pezani zikhomo za malire a pulotiyo, mulankhule ndi aneba, ndipo mudziwe pomwe padutsa paipi ya madzi ndi ya suweji. M'malokeshoni akale mapaipi ena ali pafupi kwambiri ndi malire, piki imodzi yokha mwayambitsa mlandu.

Kwa amene mukuchita lendi, funsani kaye eni nyumba, ndipo mugwirizane ngati mpandawo mudzachoke nawo. Mukamanga ndi mabawuti, matabwa ndi mitanda zimamasuka tsiku losamuka; chotsala ndi nsanamira zokha.

Kwa amalume tinagula mautali atatu a tchubu cha 76, tinatulutsa nsanamira zisanu ndi imodzi popanda kulumikiza, ndipo matabwa akale aja tinawabwezera onse, titasiya mpata wa chala chimodzi pakati pawo. Angle iron yawo ija sinatayidwe, tinaidula timakutu 18. Zidutswa zitatu za tchubu zotsala anakana kuti ndizitenge, ati akufuna kuchirikizira mbali ya kumadzulo, yomwe nayonso yayamba kuwerama. Ndinawasiyira theka la chitini cha phula ndi bulashi, ndipo tinapangana kuti ndidzabwera mu Okutobala, mvula isanayambe, tidzafukule pakhosi pa nsanamira iliyonse tione ngati pakufunika kupakanso.